Galu ali ndi mwini usiku, masana alibe

Mawu akuti "galu wachiwewe!" akangomveka m'mudzi, palibe amafunsa kuti wamuona ndani. Amayi amatola ana n'kudzitsekera m'nyumba, anyamata amatola miyala ndi zibonga, wina amathamangira mpini wa khasu. Galu uja, dovu lili chuchuchu, amamupirikitsa mpaka kudambo ndipo nkhani yake imathera komweko. Mtembo amauponya m'dzenje, anthu n'kubwerera akukangana za amene adaponya mwala womaliza. Funso lakuti galuyo waluma ndani m'njira monse wadutsamu limabwera mochedwa, ngati libwera n'komwe. Lakuti ndi wa yani ndiye silipeza woyankha. Galu amene dzulo lomweli amauwa pakhomo pa munthu, ali ndi dzina, akudya makombo a nsima, lero aliyense akumukana.

Sabata ino ndati tikambirane za matendawa. Mbiri yake ndi yaitali kuposa ya matenda ambiri amene timawaopa, ndipo ikuphunzitsa chinthu chimodzi chimene ife tikuchedwa kuchimva: chiwewe chimaphera pabedi la m'chipatala, koma chimagonjetsedwa pakhomo pa mwini galu.

Anthu a mumzinda wa Eshnunna, m'dera limene lero ndi dziko la Iraq, adazindikira zimenezi zaka pafupifupi 4,000 zapitazo. M'malamulo awo, amene adawalemba pa mapale a dongo, mudali lamulo la galu wamisala. Akuluakulu a dera akachenjeza munthu za galu wake, iye osamusunga bwino, galuyo n'kuluma munthu mpaka kufa, mwini galu ankalipa masekeli 40 a siliva. Wofayo akakhala kapolo, ankalipa masekeli 15. Anthu amenewa sankadziwa kanthu za tizilombo toyambitsa matenda, koma mlandu adaupezera pokhala. Sadauike pa galu, sadauike pa mizimu, adauika pa munthu wodyetsa galuyo.

Chodabwitsa n'chakuti m'zaka zambirimbiri zotsatira, anthu ophunzira adasochera kuposa alembi a malamulo aja. Aristotle wa ku Greece adalemba kuti galu wamisala akaluma nyama iliyonse imatenga misalayo, kupatula munthu. Celsus, mlembi wa za mankhwala wa ku Roma, adafotokoza bwino za wodwala amene akuvutika ndi ludzu koma akuopa madzi, ndipo adalangiza kuti bala liziwotchedwa ndi chitsulo chamoto. Kwa amene wayamba kale kuopa madzi, iye adati amuponye m'dziwe mosayembekezera kuti amwe mokakamizidwa. Pliny, wa ku Roma komweko, adaphunzitsa kuti pansi pa lilime la galu pali kanyongolotsi kamene kamayambitsa misala, ndipo kwa zaka mazanamazana alenje a ku Ulaya ankadula kamnofu kameneka mwa tiana ta agalu, osadziwa kuti galu aliyense amabadwa nako ndipo n'kosalakwa. Pliny yemweyo adalangizanso kuwotcha ubweya wa galu wolumayo n'kuthira phulusa lake pabala. Malangizo amenewa ndidawamvapo kwathu kuno kuchokera kwa anthu amene dzina la Pliny sadalimvepo.

Ku Belgium kudali tchalitchi cha Hubert Woyera, kumene olumidwa ankapita ulendo wa masiku ambiri. Ansembe ankawacheka pamphumi n'kulowetsamo kaulusi kochokera ku chovala cha woyerayo. M'midzi ankasunga chitsulo chotchedwa kiyi wa Hubert, chimene ankachiika pamoto n'kudinda nacho bala. Zonsezi zikakanika, wodwala n'kuyamba kulusa, achibale ena ankamupanikiza ndi matilesi mpaka mpweya kutha. Ankati akumuchitira chifundo, komanso ankaopa kulumidwa.

Mwina mukudabwa kuti mankhwala osathandizawa adakhalitsa bwanji chonchi. Yankho lake ndi lomwe likusungabe mankhwala ena a makono ano. Agalu ambiri oluma anthu alibe chiwewe, angokwiya kapena akuteteza ana awo. Ndipo si aliyense wolumidwa ndi galu wachiwewe amene amadwala. Choncho mwa anthu khumi amene adathira phulusa la ubweya pabala, ambiri amakhala bwinobwino n'kumachitira umboni sing'anga moyo wawo wonse. Amene adafa sabwera kudzatsutsa, ndipo imfa yake, poti yafika patapita miyezi bala litapola kalekale, amaipezera chifukwa china. Ku Ulaya wakale ankati ndi chilango cha Mulungu. Kwathu timati amulodza.

Kuchedwa kumeneku ndiye mtima wa nkhani yonse. Kachilombo ka chiwewe kamakhala m'malovu a nyama yodwala. Kakalowa pabala sikathamangira m'magazi monga tizilombo tina. Kamayamba kakhala kaye mumnofu, kenako kamalowa mu mtsempha wa uthenga n'kumakwera pang'onopang'ono kulowera ku ubongo, masentimita owerengeka patsiku. Kawirikawiri pamapita miyezi iwiri kapena itatu munthu asanamve kalikonse, ngakhale kuti zimatha kutenga sabata imodzi yokha kapena chaka chathunthu. Bala likakhala kumaso, pakhosi kapena kuzala, ulendo umafupika. N'chifukwa chake ana ali pangozi yaikulu: msinkhu wawo umaika nkhope pafupi ndi mano a galu, amakonda kusewera ndi tiagalu, ndipo akakandidwa amabisa poopa kukalipiridwa.

Kachilomboka kakafika mu ubongo, masewera atha. Pachipsera pamayamba kuyabwa kapena kuchita dzanzi, thupi limatentha, tulo timasowa. Wodwala amapempha madzi, koma kapu ikangoyandikira pakamwa khosi limakokana mopweteka mpaka amaikankha. Ngakhale kamphepo kodutsa pankhope kamamudzidzimutsa chimodzimodzi. Chomvetsa chisoni n'chakuti pakati pa kuzunzikaku amatha kubwerera m'nzeru zake, kuzindikira mayi ake ndi kulankhula nawo. Pa odwala asanu aliwonse, pafupifupi mmodzi salusa n'komwe, amangofa ziwalo pang'onopang'ono. Pafupifupi onsewa mapeto ake ndi amodzi, ndipo amafika m'masiku ochepa. Mu 2004 mtsikana wa zaka 15, Jeanna Giese wa ku Wisconsin m'dziko la America, adachira atalumidwa ndi mleme ngakhale sadalandire katemera, madokotala atamugoneka chikomokere kwa masiku. Nkhani yake idamveka dziko lonse chifukwa zoterezi sizichitikachitika. Njira yomweyo aiyesa kwa odwala ena ambiri ndipo pafupifupi onse adamwalira.

Koma kuyenda pang'onopang'ono komweku ndiye kufooka kwa chiwewe. Kachilombo kakuyenda wapansi, ndipo katemera akaperekedwa msanga ali ngati munthu wokwera kabaza amene amakafika kutsogolo n'kutseka njira. Pa matenda ambiri katemera amathandiza munthu asanatenge kachilombo. Pa chiwewe amathandizabe ngakhale kachilombo kalowa kale.

Amene adatsegula khomo limeneli ndi Louis Pasteur wa ku France, ngakhale ena adamulambulira njira. Mu 1804 Georg Zinke wa ku Germany adaonetsa kuti malovu a galu wodwala akapakidwa pabala la galu wabwino amamudwalitsa. Mu 1879 Pierre-Victor Galtier, dokotala wa ziweto wa ku Lyon, adaonetsa kuti matendawa angasamutsidwire mwa akalulu, zimene zidapeputsa ntchito yofufuza. Pasteur ndi mnzake Émile Roux ankachotsa mtsempha wa mumsana wa kalulu wofa ndi chiwewe n'kuupachika m'botolo la mpweya wouma. Tsiku lililonse ukali wake unkachepa, ndipo pakatha masabata awiri unkakhala wopanda mphamvu. Ankabaya agalu poyamba ndi wofookawo, mawa lake wamphamvuko pang'ono, mpaka kufika pa waukali weniweni, ndipo agaluwo sankadwala. Onsewa ankalimbana ndi mdani amene sadamuonepo ndi maso, pakuti kachilomboka n'kakang'ono kwambiri moti makina oonera tinthu tating'ono a nthawi imeneyo sakadatha kukaonetsa. Maonekedwe ake, onga chipolopolo cha mfuti, adadziwika m'zaka za m'ma 1960.

Pa 6 July 1885 mayi wina wa ku Alsace adafika ku Paris ndi mwana wake wa zaka 9, Joseph Meister. Masiku awiri m'mbuyomo galu adamugwetsa pansi n'kumuluma malo 14. Pasteur adali katswiri wa sayansi, osati dokotala wa anthu, ndipo mankhwala ake adali asanatsimikizidwe pa munthu. Mwanayo akadafa, mlandu ukadamugwera. Atafunsa madokotala awiri, adavomera, ndipo amene adagwira jakisoni adali Dokotala Jacques-Joseph Grancher. Mwanayo adabaidwa ka 13 m'masiku 11, ndipo jakisoni womaliza adali waukali woti akadapha munthu wosatetezedwa. Joseph sadadwale. Adakula, n'kudzakhala wosamalira pakhomo pa Institut Pasteur, malo ofufuzira amene adatsegulidwa mu 1888 ndi ndalama zosonkha anthu a m'maiko osiyanasiyana.

Nkhani ya Joseph imasimbidwa kawirikawiri, koma ine ndimaona kuti ya mwana wina wa chaka chomwecho ndi imene ikutikhudza kwambiri. Louise Pelletier, wa zaka 10, adalumidwa kumutu ndipo adafika naye kwa Pasteur patapita masiku 37. Adamubaya ndithu, koma adamwalira. Mankhwala adali omwewo, madokotala omwewo. Chidasiyana ndi tsiku lofikira.

Luso limeneli lidafika kuno kummwera kwa Africa msanga kuposa mmene ambiri amaganizira. Chiwewe chitabuka ku Bulawayo mu 1902, Adrien Loir, wachibale wa Pasteur amene adagwirapo naye ntchito, adatumizidwa kukakhazikitsa malo opangira katemera kumeneko. Mu 1911 David Semple, akugwira ntchito ku Kasauli m'dziko la India, adakonza katemera wochokera ku ubongo wa nkhosa amene maiko osauka adamugwiritsa ntchito kwa zaka zambiri. Ameneyu ndiye wa majakisoni a pamimba tsiku ndi tsiku kwa masabata awiri, amene agogo athu amasimba akugwedeza mutu. Mantha a majakisoni amenewo alipobe mpaka lero, ndipo akuchititsa anthu ena kuzengereza kupita kuchipatala. Dziwani kuti zidasintha. Katemera wa masiku ano amabaya pamkono, maulendo atatu kapena anayi basi.

Tsono ngati katemera wa anthu adapezeka mu 1885, bwanji bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO likuti anthu pafupifupi 59,000 akufabe ndi chiwewe chaka chilichonse, 95 mwa 100 alionse ali ku Africa ndi ku Asia, ndipo anayi mwa khumi ndi ana osakwana zaka 15? Chifukwa chake n'chakuti kubaya anthu olumidwa kumapulumutsa munthu mmodzimmodzi koma sikuchepetsa agalu odwala. Mwa anthu 100 ofa ndi chiwewe, mpaka 99 amachitenga kwa galu. Gwero likakhalapo, mzere wa kuchipatala sutha, ndipo nthawi zonse padzakhala mwana amene kwawo n'kutali, amene makolo ake alibe ya thiransipoti, kapena amene wafika tsiku limene katemera watha m'firiji.

Maiko onse amene adathana nacho adayambira kwa nyama. Britain adachitha mu 1902 pokakamiza eni agalu kuwaveka zotseka pakamwa ndi kutsekera kaye agalu ochokera kunja. Chitabwereranso ndi agalu a asilikali pakutha pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, adachithanso mu 1922. Japan adakhazikitsa lamulo mu 1950 lakuti galu aliyense alembetsedwe ndi kubaidwa, ndipo pofika 1957 matendawa adali atatha. Ku Switzerland, kumene chiwewe chinkayenda ndi nkhandwe za kutchire, mu 1978 adayamba kubisa katemera m'mitu ya nkhuku n'kuimwaza m'nkhalango kuti nkhandwe zidye. Mexico, dziko la agalu ambiri oyendayenda ngati athu, lidatsimikizidwa ndi WHO mu 2019 kuti anthu ake sakufanso ndi chiwewe chochokera kwa agalu, patatha zaka zambiri likubaya agalu mwaulere chaka ndi chaka. Akuluakulu adati konza kapansi kuti kam'mwamba katsike.

Masamu ake ndi olimbikitsa. Ofufuza amene adatsata agalu odwala m'midzi yozungulira Serengeti ku Tanzania adapeza kuti galu mmodzi wachiwewe amapatsira, tikagawa mofanana, galu mmodzi ndi kakachidutswa, osafika awiri. Yerekezani ndi chikuku, chimene mwana mmodzi amapatsira anzake oposa khumi. Chiwewe chimangopulumukira pa kaulusi. Mukabaya agalu 70 mwa 100 alionse m'dera, galu wodwala amangoluma anzake otetezedwa mpaka kufa osasiya mbewu. Vuto ndi lakuti agalu athu sakhalitsa ndipo amaswana msanga, choncho chaka chikatha theka la agalu a m'mudzi likhoza kukhala lachilendo. Ntchitoyi ndi ya chaka ndi chaka.

Kupha agalu, kumene timakukhulupirira kwambiri, sikufika pamenepa. Ambiri tikukumbukira chilengezo chakuti aliyense amange galu wake, kenako mfuti n'kumalira m'makwalala. Agalu osavuta kuwombera ndi ozolowera anthu, omwenso ndi osavuta kubaya, ndipo mwina adabaidwa kale. Mwini wake akangotaya galu amakatenga kamwana kwina, kosabaidwa, mwinanso kochokera kumene kuli matenda. Pachilumba cha Bali ku Indonesia, chiwewe chitalowa mu 2008, adayamba ndi kupha agalu miyandamiyanda koma anthu oposa 100 adamwalirabe. Imfa zidatsika atayamba kubaya agalu pachilumba chonse.

Kwathu kuno vutoli ndi lalikulu kuposa mmene mabuku a zipatala amaonetsera. Akatswiri amayerekeza kuti a Malawi pafupifupi 500 amafa ndi chiwewe chaka chilichonse. Kafukufuku amene adatsogolera Dokotala Macpherson Mallewa pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, wofalitsidwa mu 2007, adaunika ana 133 amene adamwalira ndi matenda ogwira ubongo, ndipo 14 mwa iwo chidawapha ndi chiwewe. Mwa ana 26 amene ankaganiziridwa kuti afa ndi malungo a mu ubongo, atatu adapezeka kuti chidali chiwewe. Ngati chimatha kubisala chonchi pachipatala chachikulu, kuli bwanji kumudzi kumene mwana amaikidwa m'manda popanda woyeza?

Koma Blantyre yemweyo waonetsanso kuti n'zotheka. Mu 2015 bungwe la Mission Rabies, mogwirizana ndi nthambi ya boma yoona za ziweto ndi bungwe loteteza nyama la mumzindawo, lidabaya agalu oposa 35,000 m'masiku 20, pafupifupi 79 mwa agalu 100 alionse a mumzindamo. Ntchitoyi idafalikira ku Zomba ndi ku Chiradzulu, ndipo madokotala a ana pa Queen Elizabeth adaona odwala chiwewe akuchepa kwambiri m'zaka zotsatira.

Amene adaonapo mzere wa katemera pabwalo la sukulu ya pulaimale Loweruka m'mawa akudziwa chimene ndikunena. Agalu amabwera atamangidwa ndi chilichonse: luzi, lamya, linya, lamba wa thalauza. Tiana ta agalu timabwera m'beseni, m'thumba la feteleza, tina pachifuwa mkati mwa malaya. Mayina amamveka poitana, a Tiger ndi a Bruno pamodzi ndi aja ozazira nawo anansi, a Lekanimiseche. Wobaya amatsina khungu, jakisoni n'kulowa, wina amapaka penti pamphumi kuti owerengera adzadziwe obaidwa, mwini n'kulandira kakalata. Koma tayang'anani amene agwira zingwezo. Ambiri ndi ana a sukulu. Abambo, amene amagona mtima uli m'malo chifukwa galu akulondera khola la mbuzi, ndi owerengeka. Ndipo mzerewu umatsutsa bodza lakuti agalu athu ndi ongoyendayenda opanda eni. Pafupifupi onse ali ndi khomo limene amagonapo.

Zifukwa zosabaitsira ndazimva zambiri. Wina amati galu akabaidwa amafooka, sagwiranso kalulu kuuzimba. Si zoona, katemera sachotsa liwiro kapena ukali. Wina amati galu wake satuluka kumpanda, ngati kuti galu wodwala amagogoda pageti. Wina amati wake sagwirika, ndipo ameneyu akuvomera yekha kuti akusunga chilombo chimene sangathe kuchilamulira pakati pa ana a anthu.

Ngozi ikachitika, choyamba ndi madzi ndi sopo. Tsukani balalo kwa mphindi 15 zathunthu, madzi akuyenderera, ngakhale ndi sopo wochapira. Musathirepo phulusa, mchere, tsabola kapena mafuta a galimoto, ndipo musalimange. Kenako kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale bala likhale kakang'ono, ngakhale wokanda akhale mphaka. Malizani majakisoni onse. Ngati galu ndi wodziwika, amangidwe ndi kuyang'aniridwa kwa masiku 10, chifukwa amene adali ndi kachilombo m'malovu poluma saposa masiku amenewa asanadwale kapena kufa, koma kuyang'anirako kusachedwetse katemera. Ngati waphedwa, musamugwire ndi manja ndipo itanani alangizi a ziweto, chifukwa ubongo wake ukayezedwa umanena ngati olumidwa ali pangozi. Mbuzi kapena ng'ombe imene yayamba kuchita zachilendo italumidwa si ndiwo.

Pa 28 September, tsiku limene Pasteur adamwalira mu 1895, dziko lonse limakumbukira za chiwewe, ndipo maiko adalonjezana kuti pofika 2030 pasadzakhalenso munthu wofa ndi chiwewe cha galu. Ife tili ndi zida zimene ena adalibe. Mfumu iliyonse ili ndi kaundula wa mabanja ake, ndipo kuwonjezerapo mzere wa agalu ndi chaka chimene adabaidwa sikulira ndalama. Mudzi umene umatha kulipitsa nkhuku munthu wojomba ku chitukuko ungathenso kulipitsa wosabaitsa galu.

Chondidetsa nkhawa n'chakuti ntchito yabwino imene tayiona yadalira kwambiri mabungwe ochokera kunja, ndipo katemera wa agalu akangodumpha zaka ziwiri zonse zimabwerera pakale. Tikakumana ndi khansala kapena phungu wathu timamufunsa za mjigo, za mlatho ndi za makuponi. Tiwonjezerepo funso lina, ndipo tisachoke asanayankhe: agalu a m'dera lino abaidwa mwezi uti chaka chino, ndipo ndalama zake zalembedwa pati mu bajeti ya khonsolo?